Nthaka Yoyankha ya pa Sukulu ya a Nyani

Padangokhala, kale lomwe nyama zisanataye mabuku n'kubwerera kutchire, panali sukulu ya pansi pa mkuyu. Muli nane? Khalani nane ndithu, pakuti zimene zinachitika pamenepo ngakhale amene anaziona ndi maso awo ankazifotokoza monong'ona.

Ahedi a sukuluyo anali a Nyani. Mphunzitsi wa sitandade 1 anali mayi Nkhanga, amene fumbi la choko linawamatirira thupi lonse moti mpaka lero silinachoke. Katundu wa sukulu anali bolodi limodzi lotsamira pa tsinde, belu la khasu lakutha, mphika wa phala, ndi buku lalikulu la kaundula limene a Nyani ankayenda nalo kukhwapa ngakhale popita kuthengo. Makope kunalibe. Ana ankalemba pansi ndi chala, n'kumawerengera ndi timiyala.

Tsono polembetsa panali lamulo. Mwana sankamufunsa zaka, poti kalelo panalibe wosunga zaka. Ankangomuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira, wakula, alowe. Akalephera, abwere chaka chamawa. Lamuloli analikhazika ndi a Nyani eniake, ndipo mukayang'ana kutalika kwa mikono yawo mudziwa kuti sanatuluke thukuta poliganiza. Mwana wa Bulu analowa asanaleke kuyamwa, chifukwa khutu lake linkachita kubwera lokha kudzalonjera dzanja. Ana a Njoka sankayesa n'komwe.

Ndiye panali mwana wina wamkazi wa kwa Finye, kachule kaja kozungulira ngati chitumbuwa. Manja ake anali aafupi moti pamphuno pakamuyabwa ankakhula pa mwala. Makutu anali nawo, koma a m'kati, osaoneka.

Tsiku lina akudutsa pa mkuyupo ana ataweruka, anaona mwana wa Gologolo akukanda tizizindikiro pa fumbi, n'kuchoka osalankhula kanthu. Patapita nthawi kunabwera mwana wa Mbawala. Anayang'ana pansi, n'kuseka, n'kunena mokweza kuti mnzakeyo wapita kukatola masuku ndipo akuti amutsatire. Finye anayang'ana uku ndi uku. Panalibe amene anamuuza. Anayandikira tizizindikiroto, anatinunkhiza, anatiikira mutu kuti amve ngati tikunong'ona, koma tinali chete. Fumbi wamba, lomwe nkhuku zimasamba, linali litasunga mawu a munthu amene wachoka. Tsiku limenelo Finye sanadye chiswe ngakhale chimodzi.

Chaka chitayamba anakaima pa mzere wa olembetsa. Atafika kutsogolo, a Nyani sanadzutse n'komwe mutu.

"Gwira khutu."

Finye anakweza dzanja. Linathera pa tsaya.

"Chaka chamawa."

Chaka chachiwiri anaganiza kuti vuto ndi kuchepa thupi, choncho pa mzerepo anadzifufumitsa mpaka anakula ngati dzungu. Koma thupi likafufuma dzanja silitalika, ndipo ulendo uno silinafike ngakhale pa tsaya. A Nyani anati chaka chamawa.

Chaka chachitatu anali ataphunzira kwa mwana wa Bulu kuti dzanja likalephera kupita kwa khutu, khutu lingathe kubwera kwa dzanja. Anatenga khoko la nthochi, analimata ndi ulimbo kumanzere kwa mutu, n'kuligoneka pamwamba kuti nsonga yake ilendewere kumanja. Atauzidwa kuti agwire khutu, anagwira nsongayo mwaulemu wonse.

Apa a Nyani anadzutsa mutu. "Khutu lachikasu?"

"Lamulo likungoti khutu, ahedi. Za mtundu silinanene."

A Nyani anamatula khutulo, analinunkhiza, n'kulidya. Atameza anati chaka chamawa.

Zaka zitatu zonsezo, dzina lake sanamufunse ngakhale kamodzi. Sungani mawu amenewa.

Finye anaona kuti chaka chamawa chimenechi ndi chija sichifika. M'mawa mwake, ana asanabwere, anapita pa mkuyu, anasankha muzu wachitatu kuchokera pa bolodi, n'kuyamba kukumba chafutambuyo monga amachitira a kwawo. Analowa yense, kungosiya maso awiri pamwamba, pakati pa mulu wa timiyala towerengera. Wowaona akanati ndi timiyala tiwiri tonyowa.

Pamenepo anaona sukulu yonse mmene imayendera. Ana ankafika ndi matsache n'kusesa bwalo, zolemba zadzulo zonse n'kupita ndi fumbi. Belu likalira ankafola pa mizere, madamu n'kumayendera zikhadabo ndi m'makutu. Kenaka inkabwera nyimbo ya m'mawa. Madamu ankatsogolera pofunsa kuti wabwera ndani lero, ana n'kuvomera potchula zimene abwera nazo, maso openyera, makutu omvera, zala zolembera. Kumapeto ankawomba m'manja katatu n'kukhala chete kanthawi kopuma kamodzi, kuti ngati pali wina amene waiwalika adzitchule yekha. M'kampata kameneko simunkalankhula munthu, poti onse anali m'kaundula. Finye ankatseka pakamwa ndi manja onse awiri mpaka kampatako katadutsa.

Ikatha nyimbo, a Nyani ankaitana mayina, n'kubwerera pa mpando wawo. Madamu ankalemba chilembo pa bolodi, ana n'kuchitchula pamodzi, n'kuchijambula m'mwamba ndi chala, kenaka pansi. Finye ankachijambula ndi lilime m'kamwa. Nthawi ya masamu ndiye inali yoopsa. Tsiku lina mwana wa Mbewa, powerengera timiyala take, anamugwira diso. Finye anatsinzina, kamwalako n'kusowa, ndipo mwana wa Mbewa anapeza zisanu ndi chimodzi pamene anzake onse anapeza zisanu ndi ziwiri. Analumbira kuti kamwala kamuthawa. Madamu anamuuza kuti bodza lotere alisungire agogo ake.

Masana ana akaweruka, bwalo lonse linkatsala lodzaza ndi zolemba. Apo Finye ankatuluka n'kumayenda m'mizere ya zilembozo, kutsata pamene chala chinayambira ndi pamene chinathera, za ana anzeru ndi za ana aulesi zomwe, mpaka miyendo yake inadziwa chilembo chilichonse. M'mawa matsache ankafufuta zonse, koma iye anali atakolola kale.

Zinatero teremu yoyamba, zinatero yachiwiri.

Tsiku lina a Nyani anadzuka ndi mtima wofuna kuonetsa nzeru. Analowa m'kalasi ya madamu, manja kumbuyo, n'kupereka funso. Anati anyani anayi alowa m'munda, aliyense watola zimanga zitatu, ndipo anabwereza kuti watola, osati waba. Zimanga zonse zingati? Ana anayang'ana pansi. A Nyani anati popanda woyankha, phala lero kulibe, adya okha. Ana anayang'anitsitsabe pansi.

Ndipo pansi pomwe ankayang'anapo panatuluka mawu, aang'ono, osasa, ngati ochokera m'mtsuko wokwiriridwa.

"Khumi ndi ziwiri."

Finye sanafune kuyankha. Yankho linangomupulumuka, monga limachitira likapsa. Koma zimene zinatsatira sanaziyembekeze. Panalibe amene anathawa, panalibe amene anaseka. Ana anakweza mapazi awo pang'onopang'ono kuwachotsa pansi. Choko chinagwa m'manja mwa madamu. A Nyani, ubweya uli njo, anagwada, n'kufunsa kuti nanga anyaniwo akanakhala asanu.

Finye anaona kuti madzi atayika kale. "Khumi ndi zisanu."

Podzuka a Nyani anali ndi misozi m'maso. Anauza ana kuti zaka zonsezi akhala akulemba pa nthaka imeneyi, m'mawa ndi masana, chilembo pamwamba pa chilembo. Ankayesa kuti zonsezo zinkapita kuti? Madzi ukathira pansi amalowa. Mbewu ukaponya pansi imamera. Nanga nzeru ingalephere bwanji? Nthaka yaphunzira.

Kunena zoona, pa mawu onse amene a Nyani analankhula moyo wawo wonse, awa ndiwo anali okoma kwambiri, ndipo ndi chisoni kuti anali olakwa.

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inasintha. Ana ankasesa ngati akupukuta nkhope ya khanda. Asanalembe pansi ankayamba aodira. Wolakwitsa chilembo ankafufuta msanga ndi manyazi, poti tsopano panali wina wowerenga. Monita analeka kulemba mayina a olongolola chifukwa olongolola kunalibe. Makolo ankabwera kudzaima chapatali, zipewa m'manja, kudikira kuti amve nthaka ikutchula zilembo pamodzi ndi ana awo, ndipo ikatchula, amayi ena ankagwira pakamwa, ena n'kumabwerera kwawo akuponda mopepesa. Mayi Nkhanga okha anangosuntha bolodi pang'ono, ati dzuwa likuwathobwa.

A Nyani nawo misozi itauma anayamba kuwerengera phindu. Analembera kalata a Kakowa, woyendera sukulu zonse za chigawocho, mkulu wa zovala zoyera amene sankaseka. M'kalatamo anati pa sukulu pawo amaphunzitsa mwaluso moti ngakhale dothi limakhoza masamu. Yankho linabwera Lolemba. A Kakowa anati afika Lachisanu. Zikakhala zoona, a Nyani adzakhala mkulu wa ahedi onse. Likakhala bodza, adzatula kaundula tsiku lomwelo. A Nyani anawerenga kalatayo mokweza pamaso pa ana, ataima pafupi ndi muzu wachitatu.

Aliyense amene anagulitsapo mbuzi akudziwa kuti wogula akayamba kuitamanda mwini wake ali pomwepo, mtengo wakwera kale. Finye anamva kalata yonse. Tsiku limenelo, a Nyani atafunsa funso la masamu, nthaka inakhala chete.

Anafunsanso. Chete. Anafewetsa funso mpaka linafika poti mwana wa Bulu anakweza dzanja. Chete. A Nyani anapita kwawo mchira ukukwekwereza pansi.

Lachiwiri anauza ana kuti ayimbe nyimbo ya m'mawa mokweza, kapena nthaka yagona. Anayimba za maso, za makutu, za zala, anawomba m'manja katatu, n'kusiya kampata kaja. A Nyani anatchera khutu. Munalibe kanthu. Anagwada n'kufunsa kuti kodi alakwa chiyani.

"Njala, ahedi," inatero nthaka. "Anzanga amamwa phala ine ndikuyang'ana."

A Nyani anathamanga okha kukatunga phala m'kapu yawo, n'kuiika pa muzu. Ana atabwera kopuma anapeza kapu ili mbee. Tsiku limenelo nthaka inayankha mafunso atatu, n'kutseka pakamwa.

Lachitatu anayimbanso, kampata kanadutsanso kopanda mawu, a Nyani anagwadanso. Nthaka inati mwana wa Mvuu amaikhalira pamutu, ndipo akaseka imamva chizungulire. A Nyani anasamutsira mwana wa Mvuu kumbuyo, n'kuzunguliza muzuwo ndi timiyala kuti pasapondenso munthu. Nthaka inayankha mafunso awiri.

Finye phala sankalifuna kwenikweni, ndipo mwana wa Mvuu anali atamuzolowera. Koma wodziwa malonda sayamba ndi chimene wadzera. Amayamba wafunsa za nkhuku kuti aone mmene mwini ng'ombe amagonjera.

Lachinayi, nyimbo itatha, a Nyani anafika ndi kapu ya phala m'manja asanapemphedwe. Nthaka inathokoza, n'kunena kuti yatsala nkhani imodzi yaing'ono. M'mawa uliwonse imamva mayina a anzake akuitanidwa, lake lokha ayi. Ikufuna kulembedwa m'kaundula.

A Nyani anafinya bukulo kukhwapa. Anati zimenezo n'zosatheka. M'kaundula amalemba ndi inki, ndipo cholembedwa ndi inki sichifufutidwa, ngakhale a Kakowa sangachifufute. Komanso pali lamulo la khutu.

"Chabwino, ahedi," inatero nthaka. "Ndibwera chaka chamawa."

A Nyani anamva ngati mawuwo anawamvapo penapake, koma sanakumbuke kuti n'kuti. Anayesa kunyengerera. Analonjeza makapu awiri a phala. Analonjeza kuimangira kadenga. Analonjeza umonita. Nthaka inangoti zii tsiku lonse, ndipo ana anaweruka ali khuma ngati achokera kumaliro.

Lachisanu m'mawa, ana akusesa, mwana wa Gologolo anafuula ali m'mwamba kuti kukubwera chinthu choyera. A Nyani anayang'ana kunjira, anayang'ana muzu, anayang'ananso kunjira. Kenaka anakhala pansi, anatsekula kaundula pa maondo, n'kuviika nthenga mu inki.

"Dzina?"

Pansipo Finye anatsinzina. Zaka zitatu anadikira funso limeneli.

"Nachanza."

A Nyani analemba, n'kunena kuti ndi dzina loyenera, poti nthaka ndi mayi. Anauzira inki kuti iume, ndipo anatseka bukulo a Kakowa akuponda pabwalo.

A Kakowa sanafune mpando, sanafune phala. Anafunsa kuti wophunzira uja ali pati, ndipo atawalozera muzu anaima patsogolo pake, khosi lili tolotolo. Anati mayeso akhala atatu.

Oyamba anali a masamu. Anati ng'ombe zisanu ndi imodzi, iliyonse ili ndi nkhupakupa zinayi, ndipo mbalame ina yadyapo zisanu. Zatsala zingati? Ana anayamba kusuntha timiyala mobisa. Asanafike n'pakati pomwe, nthaka inati khumi ndi zisanu ndi zinayi. A Kakowa anaphethira kamodzi. Amene ankawadziwa amati kumeneko kunali kudabwa kwakukulu.

Achiwiri anali a kuwerenga. Anatenga choko n'kulemba pa bolodi mawu amene sanaphunzitsidwepo pa sukulupo, akuti mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Nthaka inawerenga pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, ndipo inafika tsidya osaterereka. Makolo amene anaima kumbuyo anayamba kugwada mmodzimmodzi. A Kakowa anavula chipewa.

Asanapereke mayeso achitatu anapempha kaundula. Anatsata mayina ndi mlomo mpaka pa lomaliza, pamene inki inali ikadanyezimira.

"Nachanza uyu ndi nthakayi?"

"Ndi yomweyo, bwana."

"Anagwira khutu?"

Thukuta linawatsika a Nyani mpaka kumchira. Kuvomera kunali kunama pamaso pa ana onse. Kukana kunali kuvomera kuti aphwanya lamulo lawo lomwe. Koma nyani akapanikizika sasowa nthambi. Anatsokomola, n'kuyamba kufotokoza ngati munthu amene waganizira nkhaniyi zaka zambiri. Anati tikafunsa bwinobwino, khutu n'lachiyani? N'lomvera. Amene wayankha ndiye kuti wamva, ndipo amene wamva ali nalo khutu, kaya likuoneka kaya silikuoneka, kaya dzanja likufikapo kaya silikufikapo.

A Kakowa anafunsa ngati limenelo ndi lamulo la pa sukulu pano kapena ndi maganizo chabe.

"Ndi lamulo, bwana. Kuyambira lero."

A Kakowa anatulutsa buku lawo, analemba lamulolo ndi inki, n'kuwauza a Nyani kuti asayine m'munsi. Anasayina mokondwa, poganiza kuti apulumuka.

Tsono mayeso achitatu. A Kakowa anati wophunzira aliyense wa sitandade 1, chaka chisanathe, amalemba dzina lake ndi dzanja lake. Anasalaza fumbi ndi phazi patsogolo pa muzu, n'kubwerera m'mbuyo. Nachanza alembe.

Mayeso awa Finye sanawayembekeze. Akakhala pansi, a Nyani atula kaundula, ndipo hedi watsopano sadzaitana dzina la wophunzira wabodza. Akatuluka, onse aona kuti chodabwitsa chawo chija ndi kachule kamene kanabwera ndi khoko la nthochi kumutu, ndipo anthu amene wawagwaditsa pachabe sachedwa kutola miyala. Bwalo lonse linadikira. A Kakowa anayamba kubweza chipewa kumutu.

Pamenepo mayi Nkhanga, osapempha chilolezo kwa aliyense, anayambitsa nyimbo ya m'mawa, ngakhale dzuwa linali litakwera. Anafunsa motsitsa kuti wabwera ndani lero. Ana anavomera, poyamba mwamantha, kenaka ndi mawu onse. Anatchula maso, anatchula makutu, anatchula zala. Anawomba m'manja katatu. Kampata kaja kanatseguka.

Dothi la pa muzu wachitatu linayamba kutukumuka. Linang'ambika pakati, timiyala tinagubuduka, ndipo timiyala tiwiri tonyowa tinaphethira. Munatuluka kanthu kozungulira, kotuwa ndi fumbi, n'kuima pa miyendo yake yaifupi.

"Ndabwera ine," kanatero.

Finye anayenda mpaka pa fumbi losalazidwa lija. Dzanja lake silikanatha kutambasuka ngati la anzake, choncho anazika chala pansi n'kuyenda nacho thupi lonse, monga ankayendera masana aja m'zolemba za ena. Anakwera, anatsika chopingasa, anakweranso. Chilembo choyamba chinaima. Ana anachitchula monong'ona osauzidwa. Anayenda chachiwiri, anachitchula. Pofika chomaliza, makolo omwe, ngakhale amene sankadziwa kuwerenga, ankayendetsa milomo. Dzina lonse linagona pamenepo, lalikulu kuposa mwini wake kasanu ndi katatu, ndipo Finye anatembenuka n'kuliyang'ana ngati mmene anayang'anira tizizindikiro ta mwana wa Gologolo tsiku lija. Fumbi linali litasunga iyeyo.

Woyamba kupeza mawu anali a Nyani. Anakuwa kuti aka ndi kachule ka khutu lachikasu, kawanyenga, kachoke msanga. A Kakowa anawafunsa kuti dzina lili m'kaundula analemba ndani. Anati ndi iwo. Analemba ndi chiyani? Ndi inki. Nanga lamulo latsopano anasayina ndani? A Nyani anayang'ana dzanja lawo lalitali lija ngati lawapereka kwa adani.

A Kakowa anati mwanayo ndi wophunzira, nkhani imeneyo yatha. Yatsala ya kalata. Ahedi analemba kuti nthaka yaphunzira, pamene ndi chule. Atule kaundula.

Finye akanatha kungokhala chete n'kuonerera. Koma pa msika sumuvula mnzako mpaka malaya, poti sabata yamawa mudzakumananso pomwepo, ndipo hedi amene wasayina kale ndi wabwino kuposa wachilendo amene sanasayine kanthu. Anakweza dzanja mpaka pamene limathera, pa tsaya.

"Bwana, ahedi sananame kwenikweni. Ine bolodi ndinkaliona mbali imodzi, mwinanso mwana wa Mvuu n'kunditchinga. Koma anzangawa akaweruka, nthakayi inkasunga zonse zimene alemba, n'kundionetsa chimodzichimodzi mpaka dzuwa kupendeka. Sinanditopere, sinandiuze za chaka chamawa. Ngati sinaphunzire, inandiphunzitsa bwanji?"

A Kakowa anayang'ana pansi nthawi yaitali, pa dzina lija, pa mapazi a ana, pa fumbi lonse la pabwalopo. Kenaka ananyamula phazi limodzi mosamala, n'kuliika pambali kuti asaponde chilembo. Anati a Nyani asunge kaundula wawo, koma za ukulu wa ahedi onse aiwale. Anachoka akuyenda monyang'ama, maso ali pansi, ndipo mukawaona lero m'dambo mudzapeza kuti sanasinthe kayendedwe.

Anthu atabalalika, Finye anapita kukagwada kwa mayi Nkhanga kuti apepese powanamiza miyezi yonseyi. Madamu anapitiriza kupukuta bolodi.

"Iwe Nachanza, ine ndakhala ndikupalasa nthaka chibadwire. Sindinaimvepo ikuyetsemula ndi fumbi la choko. Lolemba ubwere ndi tsache, ndipo ukhale kutsogolo."

Lolemba mzere wa olembetsa unafika mpaka kunjira. Kunali ana a Njoka, ana a Kamba, mwana wa Nkhono amene ananyamuka Loweruka kuti asachedwe, ndi ena ambiri amene palibe ankadziwa kuti alipo. A Nyani anakhala pa mpando, anatsekula kaundula, ndipo woyamba atafika, pakamwa pawo panayamba pokha kunena za khutu. Anameza mawuwo, anaviika nthenga mu inki, n'kufunsa dzina.

Koma mtima wawo sunakhazikikenso. Ankati ngati pansi pa muzu umodzi panali wophunzira wotere, nanga pansi pa miyala yonseyi pali angati? N'chifukwa chake mpaka lero mukakumana ndi nyani m'phiri mudzamuona akugubuduza mwala uliwonse n'kusuzumira pansi pake, kenaka n'kukhala, dzanja lili pamwamba pa mutu, akukanda khutu la mbali inayo.

Nthano yanga yalowa pansi pomwepa. Woifuna akumbe chafutambuyo.